Laputopu yongomva za pafupi

Mwana wa mchemwali wanga anabwera nayo itakulungidwa m'chitenje, Loweruka lina kumapeto kwa Okutobala 2025, dzuwa likuswa mtengo. Anali atangosankhidwa kupita ku koleji, ndipo mayi ake anagulitsa matumba a soya omwe ankasungira ndalama ya feteleza kuti amugulire laputopu ya ex-UK m'tauni. Makona ake anali okalikakalika, chilembo cha A pa kiyibodi chinali chitafufutika, koma batire inkasunga moto pafupifupi maola awiri, zomwe sizipezekapezeka pa makina a msinkhu umenewo.

"Amalume, ikumangobweretsa uthenga woti Windows yatha nthawi. Kodi atigulitsa yakufa?"

Ndinamuuza kuti mtima ukhale m'malo, makinawo ali moyo. Kampani ya Microsoft inali itatseka chithandizo chake cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 mwezi womwewo, ndipo Windows 11 imafuna makina atsopanopo: kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yomwe, ikakhala ya Intel, kwenikweni iyambire pa m'badwo wachisanu ndi chitatu. Yakeyo inali ya cha m'ma 2015, RAM yake 4 GB. Ineyo ndakhala zaka zambiri pa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yomwe imalowa m'malo mwa Windows, choncho sindinachedwe kusankha. Ndinatenga fulashi yanga ya Linux Mint 22, mtundu wopepuka wa Xfce, womwe uzilandira zotetezera mpaka 2029 osalipira ndi tambala yomwe. Mint imamangidwa pamwamba pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux womwe anayambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004.

Kuika sikunakwane mphindi 30. Sikirini inawala bwino, masipika anatulutsa mawu, kamera inagwira, LibreOffice inatseguka mosanyinyirika. Ndinayatsa hotspot pa foni yanga n'kudina kachizindikiro ka netiweki pakona kuti timalize ntchito. Mndandanda unatseguka wopanda ngakhale dzina limodzi.

Mtsikanayo sanayankhule. Anangondiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti maganizo ake ali pa matumba a soya aja.

M'kati mwa laputopu iliyonse muli kakhadi kakang'ono komwe ndi wailesi yeniyeni, kolandira ndi kutumiza mafunde. Kakhadiko kali ndi chiyankhulo chakechake, ndipo mtima wa Linux, womwe amautcha kernel, sungamvane nako popanda womasulira, monga mlaliki wochokera kunja safika patali kutchalitchi ngati palibe woima pambali pake. Womasulirayo ndiye driver. Palinso kapulogalamu kena, firmware, komwe driver amakalowetsa m'kakhadimo nthawi iliyonse makina akayaka. Chimodzi mwa ziwirizi chikasowa, Wi-Fi kulibe. Pa Linux ma driver ambiri amabwera m'kati mwa kernel momwemo, ena olembedwa ndi makampani, ena ndi anthu ongodzipereka, n'chifukwa chake nthawi zambiri umangoyatsa zinthu n'kuyamba kugwira. Zikakana, umayamba wafunsa makinawo kuti ali ndi kakhadi kanji usanatsitse kalikonse. Ndinatsegula terminal, kawindo kolembamo malamulo a kompyuta, n'kulemba:

lspci -nnk | grep -iA3 net

Yankho linabwera pompo. Kakhadi kanali Realtek RTL8723BE, nambala yake 10ec:b723, ndipo mzere wa m'munsi unasonyeza kuti driver wotchedwa rtl8723be ali kale pantchito. Realtek ndi kampani ya ku Taiwan, ndipo kakhadi aka, komwe kamanyamula Wi-Fi ndi Bluetooth pamodzi, kanalowa m'malaputopu otsika mtengo ambirimbiri a zaka zimenezo. Kenako ndinalemba rfkill list, lamulo lomwe limaulula ngati wailesi yazimitsidwa ndi batani la ndege pa kiyibodi kapena ndi pulogalamu. Ndaonapo anthu akutaya tsiku lathunthu chifukwa cha batani limeneli. Apa panalibe chotseka. Ndinayang'ananso sudo dmesg | grep rtl kuti ndione ngati firmware yalowa, ndipo inali italowa popanda dandaulo.

Zonse zinali m'malo mwake, koma dzina la foni yanga silinaoneke. Nditakhala chete pang'ono ndinakumbukira kuti kakhadi aka kamamva mafunde a 2.4 GHz okha, pamene hotspot yanga ndinaiika pa 5 GHz kalekale chifukwa imathamanga. Ndinasintha pa foni, dzina linatulukira, tinalumikiza, ndipo mtsikanayo anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Izi zokha zingathandize munthu wina: ngati laputopu yakale sikuona foni yanu, yang'anani kaye kuti hotspot ili pa mafunde ati.

Panali chinthu chomwe ndinayenera kuchiona nthawi yomweyo. Kwathu kuno nyumba n'zothithikana, ndipo madzulo laputopu yanga imaona ma netiweki a anansi angapo. Yakeyo inkaona foni yanga yokha, yomwe inali patebulo pomwepo. Chisangalalo chinandiphimba m'maso.

Usiku magetsi atabwera ndinakasiya foni pa chaja kuchipinda. Iye anatuluka ndi laputopu pakhonde kuthawa kutentha. Sipanathe mphindi zisanu.

"Amalume, yaduka."

Lamulungu lonse linathera pamenepo. Ndinayamba ndi zomwe aliyense wodziwa kakhadi aka amayamba nazo, zakuti kamakonda kugona posunga batire n'kulephera kudzuka. Driver wake amalola kuzimitsa khalidwe limeneli polemba fwlps=0 ndi ips=0. Ndinayesa, ndipo kwa kanthawi zinaoneka ngati zatheka, koma tinali titabwereranso patebulo. Kenako ndinaganiza kuti mwina kernel yatsopano ili ndi mankhwala. Apa ndi pomwe vuto la Wi-Fi limapwetekera kuposa mavuto ena a kompyuta, chifukwa kuti ukonze intaneti umafunika intaneti yomweyo. Njira yake ndi kulumikiza foni ndi chingwe cha USB n'kuyatsa USB tethering. Linux imaitenga foniyo ngati chingwe cha netiweki popanda kufunsa driver wina. Ndinatero, n'kutsitsa zonse zatsopano zomwe Mint inali nazo. Bandulo yomwe ndinkayembekeza kuti indifikitsa kumapeto kwa mwezi inatha masana omwewo. Titayatsanso makina n'kupita pakhonde, netiweki inaduka ngati dzulo.

Ndinaimbira mnzanga wina yemwe amakonza mafoni ndi makompyuta pamsika. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Achimwene, Linux ndi ya pa seva imeneyo. Mwanayu muikireni Windows nkhani ithe, sukulu ikutsegulidwa."

Sindimuweruza. Pa benchi yake pamakhala makina khumi tsiku limodzi, ndipo sangathe masiku awiri pa laputopu imodzi ya munthu amene adzalipire ndalama ya ola limodzi. Koma ndikudziwanso chimene chimachitikira Windows yopanda zotetezera ikalowa mu hostel, momwe fulashi imodzi imayenda makina makumi awiri sabata ya mayeso, mpaka mafayilo onse asanduka ma shortcut usiku woti asayimenti ikaperekedwe m'mawa. Komanso mawu akuti "Linux sigwira Wi-Fi" ndawamva kambiri, ndipo amandipweteka chifukwa amatseka nkhani munthu asanayang'ane n'komwe chomwe chavuta. Laputopu zabwinobwino zimatayidwa kapena kugulitsidwa motchipa ngati zakufa chifukwa cha chigamulo chachangu chotere, m'dziko lomwe kugula imodzi kumadya zokolola za banja.

Amene anatsegula njira ndi mtsikanayo. Tikudya nsima madzulo ananena mosakweza mawu:

"Amalume, ine ndaona kuti siduka chisawawa. Foni ikakhala pafupi ikugwira bwinobwino, ngakhale vidiyo. Mukangoichotsa mpamene ikufa."

Ndinasamba m'manja nsima isanathe. Tsiku lonse ndinkafunafuna chomwe chimaduladula netiweki pakapita nthawi, pamene iye anaona kuti nkhani ndi mtunda. Tinaika foni pawindo la kuchipinda, ine n'kunyamula laputopu yanga, iye yake, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo phazi limodzilimodzi. Pa makina onse awiri tinkalemba nmcli dev wifi list, lomwe limaonetsa ma netiweki onse ndi mphamvu yake kuyambira 0 mpaka 100. Pafupi ndi windo onse anali bwino. Pakhomo la chipinda yanga inali isanatsike kwenikweni, yake inali itagwa kupitirira theka. Pabalaza yake inatsala ndi kamzere kamodzi. Pakhonde dzina linazimiririka.

Kuti nditsimikize ndinagwiritsa ntchito iw, lomwe limapereka mphamvu ya mafunde mu dBm. Manambala ake amakhala ndi chizindikiro chochotsera, ndipo oyandikira 0 ndiwo amphamvu. Pamalo amodzimodzi yanga inkawerenga cha m'ma -50, yake cha m'ma -80. Pamaso kusiyanako kumaoneka kochepa, koma muyeso uwu umakwera mochulukitsa: 10 dB iliyonse ndi kuchulukitsa kakhumi, choncho 30 dB ndi ka 1,000. Laputopu yake inkalandira gawo limodzi mwa magawo 1,000 a mafunde omwe yanga inkalandira itaima pambali pake.

Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa wailesi yothyoka eriyo. Imalira ndithu, batire zili bwino, sipika ili bwino, koma imangogwira siteshoni imodzi yamphamvu, ndipo agogo amachita kumangirira kawaya pansungwi kuti amve nkhani za madzulo. Zimene tinkaona zinali zomwezo. Driver analibe mlandu wosamasulira, kakhadi sikanafe. Makinawo ankamvetsera opanda eriyo.

Pali lamulo lina lomwe ambiri salidziwa, modinfo, lomwe limatchula zonse zomwe ungasinthe pa driver. Ndinalemba modinfo rtl8723be n'kuwerenga mizere ya kumapeto mofatsa, osati mothamanga ngati masana. Pansi pa fwlps ndi ips ndi zina zija panali kamzere ka ant_sel, kofotokoza kuti ukaika 1 kapena 2 umakakamiza kakhadi kugwiritsa ntchito eriyo ya nambala imeneyo, ndipo ukapanda kuika kanthu kamatsata zomwe kanauzidwa kufakitale. Kuyesa kwake sikufuna ngakhale kuzimitsa makina. Umachotsa driver n'kumubwezera ndi lamulo latsopano:

sudo modprobe -r rtl8723be
sudo modprobe rtl8723be ant_sel=1

Tinadikira masekondi angapo tili pakhonde. Palibe chinasintha. Ndinamuchotsanso n'kumubwezera ndi ant_sel=2. Mtsikanayo ndiye anadina kachizindikiro ka netiweki, ndipo mndandanda unatsika mpaka pakati pa sikirini: foni yanga mizere yonse yodzaza, MiFi ya anansi a kuseri, netiweki ya pagolosale ya kutsidya kwa msewu, ndi ena omwe sitinawadziwe. Anaomba m'manja kamodzi n'kugwira pakamwa.

M'mawa mwake ndinafuna kuona ndi maso. Ndinayala thaulo patebulo, ndinachotsa batire, ndinamasula tizitsulo tonse ta pansi n'kutiika m'mbale ya tiyi kuti tisasowe. Chivundikiro chitatseguka, kakhadi kanali pakona pafupi ndi fani yodzaza fumbi, kakang'ono ngati sitampu ya papositi, kogwidwa ndi kachitsulo kamodzi. Pamwamba pake panali timitu tiwiri tagolide tozungulira, tofanana ndi timabatani topanikiza ta pa zovala za makanda, tolembedwa 1 ndi 2. M'malaputopu ambiri timitu tonse tiwiri timakhala ndi kawaya kake, kakuda ndi koyera, ndipo timawayato timadutsa mu hinji kukwera kuseri kwa sikirini, komwe kuli eriyo zenizeni. Umu munali kawaya kamodzi kokha, koonda ngati ulusi wosokera nsapato. Kamutu kenako kanali kowala, kopanda ngakhale kachizindikiro kosonyeza kuti kanalumikizidwapo chilichonse chichokereni kufakitale. Masiku awiri onse aja kakhadi kankatchera khutu pa kamutu kopanda kanthuko, ndipo kamphamvu kochepa komwe kankatola pafupi ndi foni kanali kongodontha.

Ndinapukuta fani ndi burashi ya mano yakale n'kutseka osakhudza kawayako. Timitu timeneti timathyoka msanga, ndipo kakathyoka kamodzi umafunika kakhadi kena.

Funso lomwe linanditsalira linali lakuti, kodi anaika ant_sel ndi ndani, ndipo anadziwa bwanji kuti kudzakhala makina otere? Ubwino wa pulogalamu yotseguka ndi wakuti chosintha chilichonse mu kernel chimasungidwa pamodzi ndi dzina la wochilemba ndi chifukwa chake, ndipo aliyense akhoza kuwerenga. Chosintha ichi chinalembedwa mu 2016 ndi Larry Finger. M'mawu omwe anaperekeza nacho anafotokoza vuto lathu ndendende: malaputopu ena atsopano ankatuluka ndi eriyo imodzi, zomwe pazokha si vuto, koma kachikumbutso ka pa kakhadi kanalembedwa kuti kagwiritse ntchito kamutu kenako. Anaganiziranso za njira yotsegula makina n'kusamutsa kawaya, ndipo anaona kuti si aliyense angatero, chifukwa kwa ena waranti imatha, ndipo kwa amene ali ndi Linux ndi Windows pa makina amodzi kusamutsako kumasokoneza mbali ya Windows. Choncho anapereka njira yoti munthu angouza driver eriyo yoyenera.

Ndinapitiriza kuwerenga za iye, ndipo ndinadabwa. Sanali mnyamata wa pakampani ya makompyuta. Anali wasayansi wa ku America wofufuza kapangidwe ka m'kati mwa miyala, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ku Geophysical Laboratory ya Carnegie Institution ku Washington. Anzake pa sayansiyo anamulemekeza mpaka mwala wina wopezeka paphiri lophulika la Izalco ku El Salvador anautcha fingerite, potengera dzina lake. Za Wi-Fi anaziyamba atapuma kale pantchito. Anathandiza pa ma driver a makhadi a Broadcom m'zaka zomwe anthu ongodzipereka ankachita kufufuza okha mmene makhadiwo amagwirira ntchito, kenako anathera zaka zambiri pa a Realtek, kulandira zolemba za kampaniyo n'kuzikonza kuti zilowe mu kernel. Zosintha zake mu kernel zimaposa 1,400. Anamwalira pa 21 Juni 2024 ali ndi zaka 84.

Nditafika pa tsiku limenelo ndinaika foni pansi. Ndinali nditayamba kale kuganiza zomulembera mawu awiri othokoza, kumuuza kuti kamzere kake kafika mpaka pakhonde lina ku Malawi, kwa mwana amene mayi ake anagulitsa soya. Ndinachedwa ndi chaka chimodzi ndi miyezi inayi. Pamene ankalemba ant_sel anali ndi zaka za m'ma 70, msinkhu womwe kwathu kuno timati munthu wagwira yake, akhale pamkeka adzukulu amutumikire. Iye anali kuwerenga madandaulo a anthu osawadziwa omwe agula malaputopu otchipa, n'kumafufuza kuti mafunde akusowera pati. Makina odula nthawi zambiri sakumana ndi vuto la eriyo imodzi. Amene anawagwirira ntchitoyi ndi anthu ogula zotsika mtengo, ndipo zotsika mtengozo zikakalamba ku Ulaya zimatsikira kuno m'makontena.

Si vuto lililonse la Wi-Fi pa Linux lomwe ndi la eriyo, ndipo sindikufuna munthu akalembe ant_sel pa kakhadi kena n'kukhumudwa. Ngati lspci yakuonetsani Broadcom, nkhani imakhala ina: makhadi ena a kampaniyi amafuna driver wosatseguka wotchedwa wl, yemwe sabwera mu kernel. Pa Mint pali Driver Manager yomwe imamuika, ndipo ikhoza kumutenga pa fulashi yomwe munaikira Mint ija ngakhale mulibe intaneti, choncho musaifufute msanga. Ngati ndi Intel, nthawi zambiri zimangogwira. Koma mukaona netiweki ikugwira pafupi n'kufa mukangosuntha mapazi angapo, yezani mphamvu ya mafunde musanawononge bandulo monga ndinachitira ine. Ndipo yesani 1 ndi 2 yemwe, chifukwa nambala yomwe yagwira pa makina ena siyiyenera kukhala yomweyo pa anu.

Lamulo la modprobe limaiwalika makina akazima. Kuti likhazikike pamafunika kafayilo kamodzi mu /etc/modprobe.d, ndipo ndinafuna kuti akalembe yekha, kuti tsiku lina akadzaikanso Linux ali kutali ndi ine adzadziwe pogwira. Ndinamukhazika pampando wanga.

"Lemba sudo nano /etc/modprobe.d/rtl8723be.conf. Ikakufunsa pasiwedi uike yako."

Analemba ndi zala ziwiri, akuyang'ana chilembo chilichonse. M'kati mwa fayiloyo anaika mzere umodzi:

options rtl8723be ant_sel=2

Ndinamuuza kuti mzere uliwonse woyamba ndi chizindikiro cha # kompyuta siuwerenga, umakhala wa anthu okha, ndipo ndi bwino kulembapo chifukwa chomwe waikira chinthu. Anandifunsa kuti alembe chiyani. Ndinamufotokozera za kawaya kamodzi kaja, ndi za mkulu wa miyala uja. Anamvetsera osandidula, kenako anapita pa mzere wa pamwamba n'kulemba yekha:

# Laputopu iyi ili ndi eriyo imodzi. Njira iyi anatisiyira agogo Larry Finger.

Anasunga fayilo, tinazimitsa makina n'kuyatsanso kuti titsimikize. Foni inali pa chaja kuchipinda. Ananyamula laputopu yotsegula m'manja awiri, anadutsa pabalaza, anatsika pakhonde, n'kumayenda chammbuyo kulowera ku mtengo wa mango wa pageti, maso ali pakona ya sikirini.

"Amalume, mizere itatu!" anakuwa ali pansi pa mtengowo. "Nditsegule geti ndione?"